Wotchinga Mphepo

Lero ndi tsiku lachinayi,
miyendo yadzuka mochedwa kuposa mwini wake.
Mapini a nambala yanga achita dzimbiri pa jezi,
mchere wa thukuta wajambula mapu kumsana.

Tinanyamuka pa Liwonde dzuwa lisanakwiye,
akazi makumi asanu ndi mphambu ziwiri,
matcheni akulira ngati njuchi zosamuka.
Pa Domasi ndinabwerera kugalimoto,
Che Mpulula anandipatsira mabotolo pawindo,
ndinawasomeka kumsana ndi m'khosi
n'kupalasa ngati wothawa ngongole
kukawagawa kutsogolo.
Langa ndinangonyowetsa mmero,
otsalawo Ndaziona anadzithira m'mutu.

Ntchito yanga ndi imeneyo:
kuika chifuwa pomwe mphepo ikumenya
kuti iye afike patsinde pa phiri
ntchafu zake zisanaphwe.
Jezi yachikasu ndi yake.
Langa dzina wailesi imalidumpha.

Pa Songani ana anathamanga nafe opanda nsapato.
Pa Chinamwali akabaza anandanda, mabelu ngerengere,
wina anakuwa, "Kunyumba mwasiya ndani, amayi inu?"
Mpweya womuyankhira ndinalibe.
Akanadziwa kuti bambo anga anaima pa siteji yomweyo
zaka khumi ndi ziwiri,
kuti njinga yawo yakuda ndiyo inandilera,
mwendo wolowetsa pansi pa mtanda
poti chishalo sindinkachifikira.

M'tauni fungo la matemba linatiperekeza pang'ono.
Kenako tinakhota,
msewu n'kuimirira.

Giya yomaliza.
Chala chikufunabe ina, koma yatha.
Gulu linayoyoka ngati chimanga cha m'thumba lobooka,
tinatsala asanu ndi awiri,
palibe woyang'ana mnzake kumaso.
Paini akununkha, nkhungu ikutsika kudzationa.
Pakona tinakumana ndi bambo wa nkhuni,
mtolo wotalika kumuposa, buleki yake chidendene.
Anapatuka, natiyang'ana miyendo,
nafenso tinayang'ana yake.

Kutatsala makilomita atatu kuti tifike Ku Chawe
ndinamva phwii! kumbuyo kwanga.
Tayala la Ndaziona.
Galimoto yathu inali itatsekeredwa kumunsi
ndi lole ya matabwa.

Sitinalankhulane.
Ndinatsika, anakwera yanga,
ndinamukankha pachiuno, nsapato zikuterereka paphula,
mpaka nkhungu inamumeza
pamodzi ndi chishalo changa, chomutalikira pang'ono.

Bata la pamenepo!
Mtima wokha gu, gu, m'makutu,
ndi Mulunguzi akudziyendera kuseri kwa mitengo.
Nyani anakhala pamwala, osadabwa n'komwe.

Kamtsikana kogulitsa sitiroberi kanabwera,
mbale ili pamutu, juzi yofika m'mawondo.
Kanati dzina lake ndi Asiyatu.
Kananyamula njinga yophwayo ndi dzanja limodzi,
n'kuseka: "Iyi ndi njinga kapena bango?"
Kanazunguza pedulo chambuyo, khutu pafupi ndi tcheni,
kanawerenga magiya kawiri, kasokonezeka, kayambanso.
"Ndiye mwaluza?"
Ndinati ayi.
Kanandiyang'ana ngati ndanama,
kenako kanandipatsa zipatso zitatu zofiira
osafunsa ndalama.

Galimoto inafika patatha mphindi zisanu ndi zinayi.
Ndinamaliza wa nambala makumi anayi ndi chimodzi,
ng'oma zitatopa, anthu akupinda kale nsalu.
Ndaziona wasunga jezi ndi masekondi anayi.
Anandipeza kuseri kwa basi,
anandigwira m'khosi, chisoti chake chikugunda changa,
mawu osatuluka.

Usiku uno ndachapa kabudula m'beseni,
ndapaka mafuta pomwe chishalo chake chandisupula.
Pansipa magetsi a Zomba akuphethira,
ndipo penapake Asiyatu akuwerenga ndalama za lero,
zipatso zitatu zikusowa.
Mawa ndi makilomita zana, kudzera pa Thondwe.
Akuti mphepo idzachokera kumwera.
Mabotolo ndadzaza kale.